Chenjezo: Lekani kudyera masuku pamutu amayi ndi ana a ku Dzaleka

Abale anga, tcherani khutu, makamaka inu abambo ndi anyamata a ku Dowa, Mponela ndi Lilongwe. Zimene ena mwa inu mukuchitira amayi ndi atsikana othawa nkhondo nzochititsa manyazi.

Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, ku Dowa, unatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu pafupifupi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, ena ku Burundi ndi Rwanda. Mayi wochokera ku Kivu, dera la kum'mawa kwa DRC kumene zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma mu 2025, sanabwere kuno kudzaona malo. Anathawa mfuti, mwana kumsana, mwamuna wake osadziwa ngati ali moyo. Thandizo la bungwe lopereka chakudya la WFP linachepetsedwa, ndipo lamulo silimulola kukagwira ntchito momasuka kunja kwa msasa. Amalawirira pa mjigo usiku ndi zigubu, akabwerako phala la mwana palibe.

Ndiye inu mukaona zimenezi mwapezerapo mpata? Mtsikana akusowa sopo ndi mapadi, mpaka kujomba kusukulu akakhala kumwezi, inu nkumunyengerera ndi kachitenje ndi tchipisi kuti mugone naye. Mimba ikaoneka, foni mwazimitsa. Dziwani kuti kuyambira 2017 malamulo athu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kaya ndi Mmalawi kaya ndi Mkongo. Ndende ikukudikirani.

Nanunso amayi a m'tauni musaseke. Mumatenga kamtsikana ka kumsasa kuti kazikulererani ana, mwezi ukatha malipiro ndi nsima yokha, kakadandaula mumvekere "ndikuitanira apolisi akubweze ku kampu." Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kodi mwambiwu munausiya kumudzi? Ndipo inu ojambula ana otupa mimba ndi njala nkumaika pa Facebook kuti anthu akutameni, munapempha kwa mayi wake? Ena mwa anthuwa akubisala kwa amene anawaphera abale, chithunzi chanu chikhoza kuwaulula.

Makolo athu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza anasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ku Mozambique, eni ake akugona ndi njala, ndipo anagawana nawo minda ndi zitsime.

Ngati muli ndi chothandiza, kaya ufa, sopo, zofunda kapena makope, kaperekeni masana kudzera kwa oyang'anira msasa kapena kumpingo, opanda kufuna kanthu. Mukaona mwana akuchitidwa nkhanza, imbani 116 kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi.