Nkhono ya m'botolo ndi ngongole ya msuweni wanga

Dzulo usiku mwana wa achemwali anga, yemwe ali chaka chachiwiri ku yunivesite, wanditumizira uthenga pa WhatsApp. Akuti, "Amalume, Business Law yandikwana. Ine ndinabwera kudzaphunzira za ndalama, nanga milandu ya azungu oti anamwalira kalekale ndiitani?" Ndinaseka ndekha pakhonde, chifukwa mawu amenewa ndi omwe ndinkayankhula ine ndili msinkhu wake. Ndinamuyankha kuti iwe limbikira basi, koma mtima sunakhazikike, ndiye ndati ndilembe pano kuti ena a m'kalasi mwake aonenso.

Phunziro limeneli ine ndinkalitenga ngati chilango. Tinkaloweza mayina a milandu ndi zaka zake ngati ma vesi a Sande sukulu, cholinga chili chimodzi, kuthawa sapu, mayeso obwereza ukalephera. Donoghue v Stevenson, 1932. Carlill v Carbolic Smoke Ball Company, 1893. Salomon v Salomon, 1897. Mayeso atatha ndinakhoza bwinobwino, manotsi n'kupatsa mayi wina wogulitsa mtedza kuti azikulungira. Lero mukandifunsa kuti pa zonse ndinaphunzira zaka zinayi zija, ndi phunziro liti limene kusalimvetsa kwake kwandidyera ndalama zambiri, ndikuuzani kuti ndi lomweli.

Nditagwira ntchito zaka zingapo, ine ndi msuweni wanga tinatsegula kashopu ka zipangizo zomangira: simenti, malata, misomali, utoto. Ndalama zambiri zinali zanga, iye ndiye ankakhala pakauntala. Tinakalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, satifiketi n'kuiika mu fulemu pakhoma, ndipo aliyense wofunsa tinkamuuza kuti tili ndi kampani. Pepala la mgwirizano wa awirife panalibe. Ndikanayamba bwanji kumusainitsa munthu woti tinkadyera mbale imodzi kwa agogo? Paja amati chibale ndi fupa.

Tsiku lina kunyumba kunabwera kalata ya loya. Mayi a kunyumba ndi omwe anailandira, ndipo nditafika ndinaipeza ili patebulo, atayitsamiritsa ku botolo la shuga, iwo ali phee kukhitchini. Msuweni wanga anali atatenga matumba a simenti pangongole kwa wogulitsa wina wa pikulitsa, m'dzina la shopu, n'kuwagulitsa mwachinsinsi. Pomwe kalatayo imafika n'kuti mwiniwake ali ku Joni, foni yosagwira. Ndinathamangira kwa mnzanga wina wodziwa malamulo ndili ndi mtima woti andiuza kuti sizikundikhudza, poti sindinasaine paliponse. Anangondifunsa funso limodzi: "Munalembetsa kampani kapena dzina chabe?"

Apa m'pamene Salomon anadzuka m'manda. Bambo ameneyu ankasoka nsapato ku London. Anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, masheya pafupifupi onse ali ake, mkazi wake ndi ana asanu aliyense sheya imodzi imodzi. Kampaniyo itagwa, omwe inali nawo ngongole anafuna kuti alipire iyeyo kuchokera m'thumba mwake, ati kampaniyo ndi iye yemwe wangovala chijasi china. Khoti lalikulu la House of Lords linakana. Linati kampani yolembetsedwa moyenera ndi munthu payokha pamaso pa malamulo, ngongole zake ndi zake. Ine ndinalemba zimenezi pa mayeso, ndinapeza malikisi. Koma sindinamvepo kuti zikutanthauza kuti satifiketi ya pakhoma ija sinkanditeteza kalikonse. Ife tinangolembetsa dzina, tinali partnership, kutanthauza anthu ochitira bizinesi limodzi popanda kampani, ndipo mu partnership zimene mnzako wachita m'dzina la bizinesi wakuchitira iwenso, ngongole imakulondola mpaka kuchipinda. Ndinagulitsa galimoto. Ku maliro akumudzi ine ndi mayi ake a msuweni wangayo timangopatsana moni wa patali.

Chowawa n'chakuti lamulo lathu la makampani, Companies Act ya 2013, limalola ngakhale munthu mmodzi kulembetsa kampani yakeyake. Njira inalipo. Kungoti musanyengeke, mukapita kubanki kukafuna ngongole adzakuuzani kuti musainenso inuyo panokha ngati chikole, ndiye chitetezo cha Salomon chimathera pakhomo la banki. Izinso zili m'phunziro lomweli, tsamba lomwe ambiri timalidumpha.

Tsono funso la mphwanga lija, loti milandu ya azungu tiitani, lili ndi yankho lake. Mu 1902 atsamunda anakhazikitsa kuti malamulo a ku England agwire ntchito kuno, ndipo titalandira ufulu mu 1964 sitinawataye. Lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu linachokera ku lamulo lawo la 1893. Choncho woweruza ku Commercial Division ya High Court, nthambi yoweruza milandu ya zamalonda, akamaunika ngati panali mgwirizano pakati pa anthu awiri, maganizo amene akugwiritsa ntchito mizu yake ili m'milandu yomweyo. Tingadandaule, koma ndi mmene zilili.

Dandaulo langa ine lili pa kaphunzitsidwe, ndi kaphunziridwe kathu ophunzirafe. Nkhani ya Mayi Donoghue ndi yokoma kwabasi. Mnzawo anawagulira chakumwa cha jinja mu kalesitilanti ku Paisley, ku Scotland. Botolo linali losaonekera mkati. Atamwako, pothira chotsalacho munatuluka nkhono yowola. Vuto linali loti iwo sanagule okha, ndiye panalibe mgwirizano pakati pawo ndi wina aliyense. Khoti linati ngakhale zili choncho, wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzachidye kapena kuchimwa. Ndiye taganizani, ndi angati mwa omaliza maphunziro athu amene lero akupanga chiponde, tsabola wa m'mabotolo, juwisi wa malambe, yogati, n'kumagulitsa pa Facebook? Aliyense wa iwowa ndi Stevenson, wopanga chakumwa cha jinja chija. Mphunzitsi atalowa m'kalasi atanyamula botolo la tsabola logula pamsika, lopanda chidindo cha Malawi Bureau of Standards, n'kufunsa kuti mwana akadwala nalo asumiridwe ndani, palibe angagone.

Chimodzimodzi Mayi Carlill. Kampani inalengeza m'nyuzi kuti aliyense wogwiritsa ntchito mankhwala ake monga mwa malangizo n'kudwalabe chimfine adzalandira mapaundi 100, ndipo inati yasungitsa mapaundi 1,000 kubanki kusonyeza kuti sikuseka. Mayiwo anadwala, kampani n'kuyamba kuti kunali kutsatsa malonda chabe. Khoti linati lipirani. Mukamva otsatsa mankhwala azitsamba akulonjeza kuti mukapanda kuchira akubwezerani ndalama zanu, dziwani kuti nkhani yake inaweruzidwa kale.

Palinso zina zoti wophunzira bizinesi azidziwe asanavale gauni, zomwe sizifuna n'komwe mzungu. Zikwangwani zija timaziona m'mashopu ku Limbe ndi ku Bwalo la Njobvu, zoti katundu akagulidwa sabwezedwa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likunena kuti n'zosaloledwa ngati katunduyo ali ndi vuto. Employment Act ya 2000 imati sungachotse munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso usanamumve mbali yake. Mabwana ang'onoang'ono ambiri amaidziwira ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, atamuuza kale mnyamata wa pashopu kuti usabwerenso mawa. Amafika kukhotiko ali ndi umboni wokwanira woti mnyamatayo ankabadi, n'kuluzabe chifukwa sanamuitane kuti adziyankhire.

Ena anena kuti za malamulo n'za maloya, munthu wa bizinesi angolemba loya ntchito. Zoona, kwa amene ali ndi ndalama zake. Koma loya timamufuna zinthu zitavuta kale. Tsiku limene ukugwirana chanza ndi msuweni wako, kapena ukulandira katundu wopanda invoisi, kapena ukuvomera oda ya pafoni yopanda LPO (kalata yotsimikiza odayo), loya palibe. Pamakhala iwe wekha ndi zomwe unatolako m'kalasi muja. Phunziroli silikusandutsa loya, ndipo amene amaliza semesita imodzi n'kuyamba kulembera anzawo makontirakiti amandiopsa kuposa osadziwa. Ntchito yake ndi yoti mtima uzigunda pamalo oyenera, udziwe kuti apa ndisasaine kaye.

Mphwanga ndamuuza kuti holide ikubwerayi asapite kwa amayi ake. Abwere kuno, ndimupatse kalata ya loya ija, ndinaisunga mu envulopu ya khaki pamodzi ndi satifiketi ya pakhoma. Aiwerenge, kenako andiuze yekha kuti ndinalakwitsa pati, ndi mlandu uti wa m'manotsi mwake umene ukanandipulumutsa. Wayankha kuti abwera ndikamutumizira ya basi.