Chala chanu chichoke pa batani lodumphira nyimbo

Mphwanga anandikwiyitsa dzulo, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Ndinamuitana kuti adzaone zomwe tinkaonera ife amalume ake, ndinamuikira pulogalamu ya pa TV ya Knight Rider ya 1982. Kanyimbo kaja kangoyamba kugunda, galimoto yakuda ija ikutulukira patali m'chipululu, mwana rimoti ili m'manja, wadina batani, nyimbo yadumphidwa. Pomufunsa akuti, "Amalume, imeneyo ndi nyimbo chabe, tiyeni tione zenizenizo."

Nyimbo chabe? Iwe mwana iwe, zenizenizo ndi zomwe wadumphazo!

Ndikunena pano kuti aliyense amve: nyimbo yoyambira pulogalamu ndi gawo la pulogalamuyo. Ukaidumpha ndiye kuti sunaonere. Ife kale munthu umatha kukhala kuseri kwa nyumba, ukangomva malipenga a The A-Team aja ngati a gulu la asilikali, umasiya chilichonse n'kuthamanga, usanaone n'komwe nkhope ya Mr. T. Nyimboyo ndiyo inkatiitana. Palibe ankayang'ana wotchi. Lero pakati pa anzanga onse palibe angandiuze zomwe zinachitika m'gawo lachisanu la MacGyver, koma ndingoyamba kuimba mluzu wa nyimbo yake, madoda a imvi amalandira onse pamodzi. Nkhani zinaiwalika kalekale, nyimbo ikadali m'mutu. Ndiye wina azinditi nyimbo chabe?

Anthu ankakhalira pansi nyimbo zimenezi, sankangotola. Lalo Schifrin, katswiri wa ku Argentina, anapeka ya Mission: Impossible ya 1966, ija imayamba ndi kamtengo ka machesi kakuyatsa chingwe cha bomba. Kagundidwe kake ndi kowerenga zisanu m'malo mwa zinayi zomwe makutu athu anazolowera, n'chifukwa chake imakusowetsa mtendere, umangoona ngati chinachake chiphulika pompano. Papita zaka zoposa 50 koma mafilimu a Mission: Impossible a Tom Cruise sanaitaye. Ya Miami Vice, yomwe anapeka Jan Hammer, ilibe ngakhale liwu limodzi la munthu, koma mu 1985 inafika pa nambala wani pa nyimbo zonse ku America. Ya pa TV! Nanga The Fresh Prince of Bel-Air ya 1990? M'nyimbo yomweyo Will Smith ankakufotokozera nkhani yonse, mmene anachokera ku West Philadelphia atayambana ndi anyamata ovuta pabwalo la mpira, mayi ake n'kumutumiza kwa achibale olemera. Ngakhale uyambire pakati, umadziwa kuti mnyamatayu ndani ndipo akutani m'nyumba ya eni.

Zonsezi mukufuna kuzidumpha kuti mupulumutse mphindi imodzi. Mphindi imodzi yokha! Mukuthamangira kuti? Munthu yemweyo akhala maola atatu akupukusa chala pa foni kuonera zopanda mutu, koma mphindi imodzi ya nyimbo yomwe anthu anaikhetsera thukuta akuti ikumuchedwetsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu simudzawaona.

Ena aziti vuto ndi otsatsa malonda omwe amafuna sekondi iliyonse, kapena kuti masiku ano anthu amaonera magawo khumi usiku umodzi ndiye nyimbo imakwana. Kaya. Ine ndikuona chala chosaleza mtima basi. Ndipo opanga mapulogalamu ataona kuti mukudumpha, ambiri anasiya kuvutika. Pano amangoonetsa dzina la pulogalamu, kaphokoso kamodzi kuti duu, kwatha. Ndiuzeni, zaka 30 zikubwerazi mudzaimba mluzu wa chiyani? Wa duu?

Ndinamulanda rimoti mphwangayo, n'kubweza pa chiyambi. Anakhala chokwinya nkhope mpaka nyimbo inatha. Madzulo ndinamumva akuing'ung'udza kubafa, koma sindinamuuze kanthu.

China chomwe chimandinyansa ndi cha kumapeto. Pulogalamu ikangotha, mayina a anthu omwe anaigwirira ntchito amawakankhira m'kabokosi kakang'ono pakona, kwinaku masekondi akuwerengedwa kuti gawo lina liyambe lokha. Ufune kudziwa yemwe anapeka nyimbo, uyambe kulimbana ndi rimoti ngati ukuthamangitsa wakuba. Dzulo lomwelo ndinayesa katatu konse, katatu konse gawo lina linandiyambira ndisanawerenge dzina ndi limodzi lomwe.