Injini ya nitro siifa msanga, timaipha ndife eni ake

Loweruka lapitali, pabwalo lafumbi lomwe timasonkhana kuno ku Joni, kunabwera mnyamata wina atanyamula galimoto yake yoseweretsa ya T-Maxx m'katoni ngati akupita nayo kumanda. Akuti injini yafa, akufuna aizule aikemo mota ya batire. Ndinamupempha kuti andibwereke galimotoyo kwa theka la ola. Kapaipi ka mafuta kanali katang'ambika pomwe kamalowera mu kabuleta, kamng'alu koti sungakaone usanakapinde. Tinadula pong'ambikapo, tinaika pulagi ina, ndipo galimoto inalira mpaka agalu a m'mipanda yapafupi anayamba kuuwa. Mnyamatayo anangogwira pakamwa. Zimenezi ndaziona kambirimbiri, ndiye lero ndati ndilankhulepo.

Kwa abale anga akumudzi amene mukudabwa kuti bambo wandevu akukamba za chiyani: ndi galimoto yoyendetsa ndi rimoti, yotalika pafupifupi theka la mita, ya matayala akuluakulu, koma ili ndi injini yeniyeni yomwa mafuta, yotulutsa utsi, yokhala ndi kilatchi, magiya ndi mabuleki. Kampani ya Traxxas ya ku Texas inatulutsa T-Maxx yoyamba mu 1999. Yanga ndi ya injini ya TRX 2.5, mtundu womwe unabwera mu 2002, ya 3.3 isanatuluke mu 2006. Ili ndi mashoka 8, awiri pa tayala lililonse, ndipo imasintha yokha kuchoka giya yoyamba kupita yachiwiri. Ife amene tinakula tikupinda mawaya n'kumadula mapatapata akutha kuti tipange matayala, musatiweruze. Ndi matenda omwe aja, angokula.

Ndinaigula kwa bambo wina amene anasamuka kuchokera ku Durban. Kunja inali yowala, bode yatsopano, zomatamata zili mbee. Chikomekome cha mkuyu. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti injini ili gwa, siikutembenuka ngakhale pang'ono. Inakhala m'galaja zaka zingapo mafuta ali momwemo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa koyamba. Amatenga pulayazi n'kuyamba kukakamiza, kenako kachitsulo kolumikiza pisitoni kapindika, injini yomwe inali yoti ichira yanoka zenizeni. Mafuta a nitro si petulo. Ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane, kawirikawiri 20 pa 100 alionse kwa ife oseweretsa wamba, kuphatikizapo oyilo amene mbali ina amachokera ku nsatsi. Inde, nsatsi zomwe zija zimamera kudzala. Oyilo wa nsatsi akakhalitsa amauma n'kusanduka ngati ulimbo, ndipo ndi amene amagwira pisitoni. Mankhwala ake ndi kutentha ndi kuleza mtima. Ndinachotsa pulagi, ndinathiramo mafuta atsopano pang'ono, n'kuiwotha ndi chowumitsira tsitsi cha mayi a kunyumba, ndipo patapita kanthawi fulayiwilo inayamba kugwedezeka ndi chala chokha. Chowumitsiracho ndinabweza chikununkha, mlandu wake sunathe mpaka pano.

Choopsa kwenikweni ndi methanol. Ameneyu amakoka chinyezi cha mumpweya. Mukazimitsa injini n'kuisiya ndi timadontho ta mafuta m'kati, madzi amalowa ndipo mabering'i a chitsulo amachita dzimbiri. Anga onse awiri anali ofiira, akamazungulira ankamveka ngati muli mchenga. Kuwatulutsa kwake sikofuna hamala. Mumatenthetsa thupi la injini, lomwe ndi la aluminiyamu ndipo limafutukuka msanga kuposa chitsulo, ndiye bering'i imagwa yokha mukagogoda pa thabwa. Yatsopano imalowa chimodzimodzi, thupi likadali lotentha.

Pisitoni ya injini zimenezi ilibe ring'i ngati ya njinga yamoto. Silinda yake, ya mkuwa wokutidwa ndi chrome, imapanikiza pang'ono chakumtunda, ndipo kupanikizako ndiko kumasunga mphamvu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tulutsani silinda, kankhani pisitoni ndi chala. Ikaima isanafike pamwamba, moyo ulipo. Ikangodutsa yokha osagwira paliponse, ziwirizo zatha, ndipo zimasinthidwa pamodzi, osati chimodzi. Yanga inali ikugwirabe, ngakhale mwini wake woyamba anandigulitsa motchipa poganiza kuti akunditayira mtembo.

Tsono nkhani yomwe yandilembetsa zonsezi ndi ya masingano a kabuleta. Pali singano yaikulu yoyang'anira mafuta galimoto ikamathamanga, singano yaing'ono ya poyambira, ndi kabawuti koletsa injini kuzima ikangoima. Munthu akaona kuti galimoto ikuvuta, dzanja limathamangira pamenepo. Apotokola iyi, apotokola iyo, mnzake nayenso abwera apotokolako, pomaliza palibe akudziwa pomwe zinali. Ine ndimati singano ikhale yomaliza kukhudzidwa. Injini yomwe inkayenda bwino mwezi watha siingasinthe maganizo payokha. China chake chasintha, ndipo nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa izi: pulagi yatopa, mafuta akalamba, kapena mpweya ukulowera pomwe suyenera kulowera.

Pulagi yake si ya sipaki. Ndi kawaya kopota ka platinum komwe mumakayatsa ndi batire poliza, kenako kamapitiriza kuyaka kokha chifukwa cha nthunzi ya methanol ndi kutentha kwa m'kati. Kawayako kakatuwa kapena kupindika, injini imalira bwinobwino koma imazima mukangochotsa choyatsira. Pulagi ndi chinthu chotchipa kuposa zonse pa galimotoyi, komabe anthu amalolera kutaya tsiku lonse m'malo moyesa ina. Mafutanso, botolo likakhala losatseka bwino kapena padzuwa, amamwa madzi n'kufooka. Botolo lomwe munalipeza limodzi ndi galimoto yakale musaliyese n'komwe.

Mpweya wolowera kumbali ndiye mfiti yeniyeni ya galimoto zakale. Timapaipi ta silicone timauma n'kung'ambika. Kamphira ka pa chivindikiro cha thanki kamaphwa, ndipo poti thankiyo imakankha mafuta ndi mpweya wochokera ku ekizozi, chivindikiro chikamapuma mafuta safika mokwanira. Kamphira ka pansi pa kabuleta, chitseko cha kumbuyo kwa injini, bering'i ya kutsogolo, monsemo mpweya umazembera. Zizindikiro zake mumazidziwa: injini ikaima imakwera yokha n'kutsika yokha, imatentha msanga, lero ili bwino mawa yapenga. Mukapotokola singano pofuna kubisa zimenezi, mukuthira mafuta onunkhira pa bala. Ine galimoto yakale ikangofika m'manja mwanga, mapaipi onse ndi timphira tonse ndimasintha ndisanailize n'komwe.

Zonsezo zikakhala bwino, pamenepo bwererani pomwe opanga anaika. Pa TRX 2.5 ndi 3.3, singano yaikulu mumaitseka mofatsa kenako n'kuitsegula maulendo 4 athunthu, yaing'ono ikhale yofanana ndi m'mphepete mwa chomwe yakhalamo, ndipo kampata ka mpweya injini ikaima kakhale pafupifupi milimita imodzi. Pamenepo imakhala ikumwa kwambiri, yaulesi, utsi tolo. Ndi bwino choncho. Iyendetseni itenthe kaye, kenako muzitseka singano yaikulu pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 8 a ulendo umodzi, n'kuyendetsanso musanakhudzenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Singano yaing'ono imayesedwa potsina paipi ya mafuta injini ili chiimire: iyenera kupitiriza kwa masekondi awiri kapena atatu, kukwera pang'ono, kenako n'kuzima. Ikazima nthawi yomweyo, ikuperewera mafuta. Ikangolirabe osatekeseka, achuluka.

Chomwe chimapha injini ndi dyera la liwiro. Mukamachepetsa mafuta galimoto imathamanga kwambiri, kulira kwake kumakoma, mtima umati tsekanso pang'ono. Koma oyilo ali m'mafuta momwemo, mulibe kwina kochokera. Kuchepetsa mafuta ndi kuchepetsa oyilo, pa chitsulo chozungulira maulendo opitirira 30,000 pa mphindi. Utsi wabuluu ukasiya kuoneka kumbuyo, imani. Opanga amati kutentha pa pulagi kusapitirire madigiri a Celsius pafupifupi 130. Amene alibe choyezera amadonthezera malovu pamutu pa injini: akaphwa pakapita masekondi angapo zili bwino, akangoti tswa nthawi yomweyo mukuwotcha ndalama zanu.

Ndipo palibe nambala imodzi yogwira kulikonse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka. Galimoto yanga itachira inkangotsamwa ndi masingano a bambo a ku Durban aja, chifukwa kugombe mpweya ndi wolemera ndipo umafuna mafuta ambiri. Ngakhale konkuno, m'mawa wozizira wa mu June umafuna kutsegulako pang'ono poyerekeza ndi masana a mu December. N'chifukwa chake ndimaseka munthu akamafunsa pa Facebook kuti amuuze maulendo enieni a singano, woyankha ali ku Manchester, wofunsa ali ku Pretoria.

Fyuluta ya mpweya ndisaiwale, poti fumbi lathu lino silichita nthabwala. Kasiponji kameneka kamachapidwa, kuumitsidwa, n'kupakidwa oyilo wake pafupifupi ola lililonse loyendetsa. Kakagwa muli pakati pa fumbi, mphindi zochepa zokha zikwanira kupala silinda ngati sandipepa. Kamangeni ndi kachingwe kapulasitiki.

Zotsalazo ndi zamakaniko wamba. Giya yaikulu yapulasitiki ikamadyeka mano, ndiye kuti injini yasuntha pa mabawuti ake. Ikani kapepala pakati pa giyayo ndi giya yaing'ono ya ku injini, panikizani, mangani, chotsani pepala. Mabering'i a belu la kilatchi amapsa, khalani ndi ena m'thumba. Mashoka akamadontha, timphira ndi oyilo basi. Chomwe sindinyengerera ndi rimoti. Yakale ija ya 27 MHz ya mlongoti wautali ndinaipumitsa, ndinaika ya 2.4 GHz, ndi batire yochajidwa ya 6 volts m'malo mwa mabatire anayi a tochi, komanso kasipuling'i kotseka kabuleta rimoti ikasiya kugwira ntchito. Ndinaphunzira movutika. Tsiku lina mabatire anagwedezeka n'kusiya kugunda galimoto ili pa liwiro lonse, ndipo inathawa ngati mbuzi yoduka chingwe mpaka inakaima pa khoma la eni ake. Mkono wa kutsogolo unathyoka. Zikanakhala kuti panali mwana, bwenzi tikukamba zina.

Anzanga a batire amandiseka, ndipo sindingawatsutse pa zonse. Galimoto ya mota yamagetsi ya mtundu wa brushless ndi batire ya LiPo imandisiya kumbuyo, siidetsa manja, siikwiyitsa aneba, mumangoyatsa n'kumapita. Mng'ono wanga ku Zomba anandipempha kuti ndimupezere ya nitro, ndinamuuza kuti ayambe wapeza komwe azikagula mafuta ake, chifukwa mafutawa sakwera ndege m'chikwama ndipo petulo salowa m'malo mwake. Kwa iye ya batire ndiyo yanzeru. Amenenso mukufuna kugulira mwana wa zaka 8 mphatso ya Khirisimasi, nitro musaiyandikire. Methanol ndi poizoni, amachititsa khungu munthu akamwa, ndipo akayaka masana lawi lake silioneka bwino. Botolo langa limakhala lokiyidwa.

Koma kuzula injini yomwe vuto lake ndi kapaipi, n'kumauza anthu kuti nitro ndi yachikale, zimenezo ndimakana. Mota ya batire ikapsa mumataya n'kugula ina, simuphunzirapo kanthu. Injini iyi mumaimasula yonse pa tebulo ndi zida zokwana m'thumba, mumaona ndi maso chomwe chadyeka, ndipo imakuuzani chomwe munalakwitsa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 pano amamva ndi khutu lokha kuti injini ikuperewera mafuta, chinthu chomwe ine ndinachidziwa ndili ndi imvi. Ubwino wina wa T-Maxx ndi woti zinagulitsidwa zambiri zedi, moti masipeya, atsopano ndi akale omwe, sasowa. Chimodzimodzi galimoto ya Savage ya kampani ya HPI. Mukapeza galimoto yakale ya dzina losadziwika, yambani mwafufuza ngati pisitoni ndi silinda zake zikupezeka musanatulutse ndalama.

Ndipo ntchito yomwe imasunga injini zaka zambiri imatenga mphindi zisanu zokha pomaliza kusewera. Khuthulani thanki. Lizani injini mpaka itamaliza mafuta otsalira m'mapaipi. Chotsani pulagi ndi fyuluta, donthezerani oyilo wotetezera dzimbiri pang'ono m'kabuleta ndi pa bowo la pulagi, zungulitsani kangapo, kenako siyani pisitoni ili pansi kuti silinda ikamazizira isaipane. Zinthu zake n'zomwezo. Koma munthu amakhala atatopa, dzuwa lalowa, nsima ikudikira, ndiye amaponya galimoto m'buti n'kunena kuti mawa. Mawa lakelo limakhala chaka chamawa, kenako timaiona pamsika ya mtengo wotsika, mawu ake akuti "injini ikufunika kuiona".

Mnyamata wa katoni uja wanditumizira uthenga dzulo kuti yayambanso kuvuta. Akadina EZ-Start, chida chamagetsi cholizira injini, mota yake ikumazungulira koma injini osatembenuka. Imeneyo ndi one-way bearing, bering'i ya kumbuyo kwa injini yogwira mbali imodzi yokha, yanyowa oyilo ikuterereka. Ndamuuza aitulutse, aitsuke ndi mankhwala otsukira mabuleki, aone bwino mbali yomwe inayang'ana asanaibweze, chifukwa ikalowa chozondoka siigwira. Ndamuuzanso kuti masingano asawakhudze mpaka Loweruka.