Mtengo wa khadi mwakweza, mbale mwachepetsa, ndiye tiziomba m'manja?

Ndakwiya, ndipo pasapezeke wondiuza kuti ndiugwire mtima.

Amayi anabwera kuno ku America kudzaona adzukulu. Tsiku lobwerera kumudzi litakwana ndinakwera nawo ndege yoyamba kuti ndikawasiye pomwe amakwerera yaikulu ya ku Addis Ababa. Munthu wamkulu, miyendo imatupa, Chingerezi n'chopemphera madzi basi, ndipo kutsogolo kuli ulendo wa maola oposa khumi ali khale pampando. Mumtima ndinati palibe chodandaula, m'thumba muli khadi la ngongole lija ndimalilipirira ndalama zankhaninkhani chaka ndi chaka. Tikalowa mu lounge, chipinda chapadera chopumuliramo pabwalo la ndege, akawongole miyendo, amwe tiyi, adye kotentha asananyamuke. Tafika pakhomo, mtsikana wa pamenepo wayang'ana khadi, wayang'ana amayi, akuti inu lowani koma mayiwa muwalipirire. Kuyambira liti? Akuti malamulo anasintha, anakutumizirani imelo. Amayi sanamve mawu ake koma nkhope yanga anaiwerenga. Anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, zileke, ndikhala pabenchi pompano. Usataye ndalama chifukwa cha tiyi." Ndinalipira, nanga n'kutani. Banki yake sinditchula, ndipo mtsikana uja alibe mlandu, amangowerenga zomwe kompyuta yamuuza.

Nkhani yanga ndi imodzi. Ukachotsa katundu, chotsanso mtengo. Sungandigulitse chinthu, ine n'kulipira, iwe n'kubwera usiku kudzazula theka lake, m'mawa n'kundiuza kuti chaka chamawa ndidzalipira zambiri. Malonda otani amenewo? Mabanki a makhadi odulawa ndi zomwe akuchita, pafupifupi onse, masanasana, ndipo amatilembera kalata yoti "takukonzerani zabwino".

Tiyeni tiwerenge, poti manambala sanama. Khadi la American Express Platinum linali $450 pachaka. Mu 2017 inafika $550, mu 2021 inafika $695, mu September 2025 inafika $895. Chase Sapphire Reserve inayamba mu 2016 pa $450, anthu anaithamangira mpaka chitsulo chopangira makhadiwo chinatha, anayamba atumiza apulasitiki. Mu 2020 inafika $550, mu June 2025 anaiponya pa $795. Mtengo ukungokwera, sunatsikepo ngakhale tsiku limodzi. Tsono yang'anani mbali inayi. Kale mwini Platinum ankalowa mu Centurion Lounge ndi alendo awiri kwaulere. Kuyambira pa 1 February 2023, mlendo wamkulu ndi $50, mwana ndi $30. Mwana wako wobereka wekha, wa zaka zinayi, amene akangodya kabisiketi kamodzi n'kugona, akuti $30. Bambo, mayi ndi ana awiri, khadi lili m'dzina la bambo, ndiye kuti $110 pakhomo pokha, pamwamba pa zomwe analipira kale pachaka. Mtengo wakwera, khomo lachepa.

Akuti ngati ukufuna alendo azilowa ulere, gwiritsa ntchito $75,000 pakhadipo chaka chimodzi. Abale, $75,000! Boma la America lenilenilo linawerengera kuti mu 2023 banja lapakatikati linkapeza pafupifupi $80,000 pachaka, msonkho usanadulidwe. Ndiye akuti utenge malipiro a banja lonse, uwadutsitse pakhadi limodzi, kuti mkazi wako amwe khofi. Ndipo nambalayi ili paliponse. Kwa Delta, kampani ya ndege, ndi $75,000 kuti uzilowa mopanda malire. Kwa banki ya Capital One ndi $75,000. Tanthauzo lake n'loti iwe amene umangolipira chindapusa cha pachaka mokhulupirika sakukuwerengeranso. Ndalama yako akuifuna, koma mpando akusungira wina.

Za Delta ndiye zimandiwawa mwapadera chifukwa anatiseweretsa ngati ana. Kale wa Platinum akakwera ndege ya Delta ankalowa mu Sky Club, lounge ya Delta, kangati konse angafune. Mu September 2023 kampaniyo inalengeza kuti kuyambira 2025 azilowa kasanu n'kamodzi basi pachaka, a khadi la Delta Reserve kakhumi. Anthu anachita phokoso, mkulu wa kampaniyo, Ed Bastian, n'kuvomera poyera kuti anapyola muyeso. Mwezi wotsatira anabwera akumwetulira, ati tamva kulira kwanu, a Platinum muzilowa masiku 10, a Reserve masiku 15. Anthu n'kuomba m'manja. Kuombera chiyani? Munali ndi chopanda malire, akulandani, akubwezerani kachidutswa, inu mukuti zikomo bwana. Amene anagula tikiti yotsika mtengo kwambiri ija, basic economy, anamutsekera kunja kuyambira January 2024, khadi lake likhale lachitsulo kapena lagolide. Kodi chindapusa cha pachaka anamuchotserako? Ayi ndithu, ngakhale dola imodzi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi lolemera m'manja, ukaliponya patebulo limalira ngwee, woperekera zakudya n'kukuyang'ana kawiri. Tsegulani m'kati muone zomwe zatsalamo.

Ndiye pali nkhani ya chakudya. Amene amayenda akudziwa kuti si bwalo la ndege lililonse lili ndi lounge kumbali yomwe ukukwerera, ndipo kumene iliko nthawi zambiri umapeza chikwangwani choti yadzaza. Priority Pass, umembala wolowera m'ma lounge womwe umabwera ndi makhadiwa, inali ndi yankho labwino: umalowa mu lesitilanti ina pabwalo pomwepo, kuonetsa khadi, n'kukuchotsera pafupifupi $28 pa bilu, ndi mnzako yemwe chimodzimodzi. Chimenecho chinali chakudya chenicheni, chotentha, chosankha wekha, osati timasangweji touma. American Express inachotsa zimenezi mu August 2019. Capital One inatsatira kumayambiriro kwa 2023. Chase inagwiritsitsa kanthawi, anthu ambiri n'kumaitama chifukwa cha chomwechi, koma mu July 2024 nayo inadula. Mmodzi akangoyamba, enawo amaona kuti palibe wathawa, n'kuchita zomwezo. Ndani mwa atatuwa anati popeza tachotsa chakudya, nayi ndalama yanu ina? Palibe. Anachotsa mbale, mtengo n'kuusiya pomwepo, kenako awiri mwa iwo n'kuukweza.

Capital One Venture X ndiye linali khadi la mabanja, $395 pachaka, mkazi wako kapena mwana wako wamkulu kumulembetsa ulere nayenso n'kumalowa yekha. Anthu ambiri anathawira kumeneko atatopa ndi enawa. Analengeza kuti kuyambira pa 1 February 2026 wolembetsedwayo azilipira $125 pachaka kuti alowe, mlendo wamkulu $45 mu lounge zawo, mwana $25. Awa mtengo wa pachaka sanakweze, ndivomere, koma kodi kukutsalira mtengo womwewo katundu atachepa si kukweza komweko? Ndi zomwe amachita ogulitsa chimanga ena pamsika: ndowa ndi yomwe ija, mtengo ndi womwe uja, koma pansi anagogoda ndi mwala kuti pakwere m'mwamba. Ukafika kunyumba n'kukhuthula ndi pomwe umadziwa kuti akumeta. Kusiyana kwake n'koti wa pamsika amachita manyazi ukamugwira, awa amakutumizira imelo yokongola ya zithunzi za anthu akumwetulira.

Chifukwa chake amati ma lounge anadzaza, mizere inafika kunja. Inde anadzaza, poti makhadi munagulitsa ochuluka kuposa mipando, ndipo amene anachita zimenezo si ine.

Wina anena kuti koma anawonjezera zina m'malo mwake. Eya, ndazimva. American Express imati Platinum yatsopanoyi ili ndi zabwino zoposa $3,500 pachaka, Chase imati yawo zoposa $2,700. Taonani mmene amawerengera. A American Express akupatsa $400 yodyera, koma m'malesitilanti okhawo ali pa Resy, pulogalamu yosungitsira malo odyera, ndipo ndi $100 pa miyezi itatu iliyonse, ukapanda kudya yapsa. Akupatsa $300 ya zovala za Lululemon, $75 pa miyezi itatu, m'sitolo momwe buluku limodzi limatha kupitirira ndalama imeneyo, ndiye uwonjezere yako. Akupatsa $200 yogulira mphete ya Oura yoyeza mmene wagonera. Mphete! Ine ndinapempha mphete? Ya Uber ndi $15 pamwezi, mwezi ukatha yapita. Kwa Chase, $300 yodyera anaidula pawiri, $150 miyezi isanu n'umodzi, m'malesitilanti osankhidwa a m'mizinda ikuluikulu. Ngati umakhala m'tauni yaing'ono ku Indiana, uyendetse galimoto maola angapo kukadya nyama yodula kuti "upulumutse" ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndalama yomwe ndimapereka ine imachoka yonse tsiku limodzi, yeniyeni, yosadula zidutswa. Yomwe amandibwezera ndi timakuponi tofuna kalendala, alamu ndi kukumbukira kudina batani loti ndalembetsa. Akudziwa bwino kuti ambiri tiiwala, ndipo phindu lawo lili pa kuiwala komweko.

Chomwe munthu anagulira khadi chinali chosavuta: mpando, chakudya, chimbudzi chaukhondo, pochajira foni, ndi kulowa ndi banja lake. Achotsa chimene ndinkafuna, andipatsa chimene sindinapemphe, mtengo akweza, ndiye akuti ndapindula. Ayi. Ukachepetsa katundu, chepetsa mtengo. Ngati sungathe, ndiuze ndisanalipire, osati chaka chili pakati, ndalama utalandira kale. Mgwirizano wotani womwe mbali imodzi ingasinthe tsiku lililonse, inayo ikachedwa kulipira tsiku limodzi ilipitsidwa chindapusa ndi chiwongoladzanja choposa 20 peresenti? Tayesani inu kuwalembera imelo yoti malamulo asintha, mwezi uno ndilipira theka. Muone ngati angaseke nanu.

Ndikudziwa ena muli kale ndi yankho: awa ndi mavuto a anthu okhuta, kwathu anthu akugona pamzere wa mafuta inu mukulirira tiyi wa pabwalo la ndege. Ndamva, ndipo sindikuyerekeza. Koma musaganize kuti aliyense ali ndi khadi lotere ndi mpondamatiki. Ambiri mwa ife ndi manesi, osamalira okalamba, oyendetsa mathiraki, anthu ogwira mashifiti awiri. Tinalitenga chifukwa ulendo wa kwathu ndi wautali. Kuchoka kuno kukafika pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka palibe ndege yolunjika, udikira penapake basi, kaya ndi ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, nthawi zina ndi ana ang'onoang'ono, nthawi zina ukupita kumaliro maso ali otupa. Munthu wotere akawerengera n'kuona kuti khadi limupatsa pokhala ndi chakudya cha banja lonse, sanachite zamatama, wachita masamu. Ndipo masamu akewo ndi omwe abanki asokoneza atalandira kale ndalama. Kuberedwa ndi kuberedwa, kaya wakuba wavala suti.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chilankhulo chawo. Sanenapo kuti tachotsa. Amati tikusintha kuti musangalale koposa. Kusangalala kwa ndani? Kwa amene watsala m'katimo chifukwa iwe akutulutsa. Akanangonena chilungamo kuti tinalonjeza zambiri, sitikukwanitsa, mtengo tatsitsa ndi mwakuti, ine ndikanawalemekeza. Koma ayi, akudula uku akukuuza kuti akukukonda. Ukaimba foni kudandaula, umayamba walankhula ndi makina mphindi zambirimbiri, munthu akapezeka akuwerengera ndime ya m'mapepala aja palibe amawerenga, yoti kampani ili ndi ufulu wosintha chilichonse nthawi iliyonse. Ukanena kuti ndiye nditsekereni khadilo, pomwepo mawu afewa, akuti dikirani bwana, tikupatsani mapointi, aja umaunjika n'kukasinthanitsa ndi tikiti ya ndege. Mapointi omwewonso amawachepetsa mphamvu akafuna, tikiti yomwe dzana inkafuna mapointi akuti lero ikufuna ochuluka, popanda wokufunsa.

Si ku America kokha. Ku India mabanki akuluakulu monga HDFC ndi ICICI anayamba kunena kuti ulowe mu lounge pokhapokha utagwiritsa ntchito ndalama zakuti pa miyezi itatu yapitayo. Nyimbo ndi imodzi kulikonse: koka anthu ndi lonjezo, akalowa tseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndipo poti ndayamba kale, a ndege nawonso asaone ngati ndawaiwala. Southwest inakhala zaka zambirimbiri ikudzitama kuti zikwama ziwiri zimakwera ulere, ndi chomwe anthu ankaikondera. Mu May 2025 inayamba kulipiritsa, $35 choyamba, $45 chachiwiri, kupatula ngati uli ndi khadi lawo la ngongole, pomwe chimodzi chimakhala chaulere. Mwaona? Akulanda chomwe chinali chako kuti akugulitse khadi lina, ndipo khadi limenelo nalonso lili ndi chindapusa cha pachaka. Mpando wokhala pafupi ndi mwana wako, lipira. Kukwera msanga kuti chikwama chako chipeze malo pamwamba, lipira. Madzi akumwa akulanda pachipata, ukangodutsa botolo lomwelo akugulitsa madola asanu kapena kuposa. Ife opita kumudzi sitinyamula kachikwama kamodzi, muli nsapato za adzukulu, mankhwala a agogo, mafoni a achimwene, ndipo sikelo ikangopitirira makilogalamu 23 ndi theka la kilo amakugwaditsa pansi pamaso pa anthu kuti utulutse zovala zamkati.