Chenjezo kwa Inu a Lendi pa Seva

Tamverani kuno inu amene mwagula malo a webusaiti ndi imelo, n'kuyamba kuchitapo zofuna zanu ngati seva yonseyo munabadwa nayo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Malo munalipirawo si anu, mukungochita lendi, ndipo chipinda chanucho chagundizana ndi za anthu ena ambirimbiri oti simukuwadziwa n'komwe. Pa hosting yogawana, ndiyo lendi imeneyi, mawebusaiti onse amakhala pa kompyuta imodzi yotchedwa seva, amadyera limodzi mphamvu zake, ndipo makalata awo nthawi zambiri amatulukira pa adiresi imodzi ya IP, nambala imene sevayo imadziwika nayo pa intaneti. Adiresi imeneyi ndiyo mbiri ya nyumba yonse. Mukaipaka matope, mwadetsa aliyense wokhalamo.

Tsiku munkalembetsa lija panabwera tsamba lalitali la malamulo, inu n'kungodina povomera osawerengako ndi mzere umodzi womwe. Umenewo ndi mgwirizano ndipo unakumangani. Makampani ambiri a hosting amalembamo kuti akaona mukuvulaza anzanu, akhoza kuyimitsa akaunti yanu osayamba akuchenjezani, ndalama osabweza. Pa tsiku limenelo zoti "sindimadziwa" sizipulumutsa munthu.

Tiyambe ndi khalidwe loipitsitsa, logula mndandanda wa maimelo. Wina wakugulitsani fayilo yodzaza maadiresi, inu mwasangalala kuti makasitomala apezeka. Kodi munafunsa kumene anawatola? Mmenemo muli maadiresi akufa, muli a anthu oti sanakupempheni kanthu, komanso muli misampha. Misamphayi ndi maadiresi amene mabungwe olimbana ndi sipamu (makalata a chikhamu osapemphedwa), monga Spamhaus imene inayamba mu 1998, amagwiritsa ntchito pogwirira anthu ngati inu. Ena mwa maadiresiwa sanakhalepo ndi mwini, anangowamwaza pa intaneti kuti otolatola awatole. Ena ndi akale, eni ake anawasiya zaka zapitazo. Palibe munthu wamoyo angalembetse nawo kanthu, ndiye kalata yanu ikangofikako, umboni wakwana kuti mumatumiza popanda chilolezo. IP ija imalowa pa mndandanda wa oletsedwa. Kukacha mnzanu wa chipinda china, amene sanalakwe kalikonse, akutumiza invoisi kwa kasitomala wake, kalatayo n'kubwerera ili ndi nambala 550 ndi mawu oti yakanidwa. Atumizanso, yabwereranso. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ndipo kuchotsa IP pamenepo si zongodina batani ayi. A hosting ayenera kufufuza wolakwayo, kutseka gwero la vutolo, kupempha, kenako kudikira, uku makasitomala awo onse akuwalalatira. Mukudabwa chiyani akakutsekerani osakupatsani mpata wodzikanira?

Njira yoyenera ndi yochedwa koma ndi yokhayo. Munthu alembe yekha adiresi yake pa fomu yanu. Mumutumizire kalata yokhala ndi linki yotsimikizira, ndipo akadinapo m'pamene mumuike pa mndandanda. Sungani tsiku, nthawi ndi fomu imene analembetserapo, chifukwa akadzakana, umboni wanu ndi umenewo. Kalata iliyonse ikhale ndi podina potulukira pa mndandanda pooneka bwino, osati tizilembo totuwa tobisika pansi penipeni. Adiresi imene kalata yabwerera kuti kulibeko, ichotseni tsiku lomwelo. Ndipo makalata a chikhamu musamawakankhire pa bokosi la imelo la hosting wamba. Makampani ambiri amaika malire a makalata otuluka pa ola, mukapyola amakuimitsani. Pali makampani ena amene ntchito yawo ndi yotumiza makalata ochuluka, pitani kumeneko.

Zinthu zinasinthanso, inu mukadali mtulo. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Kwa Gmail, aliyense wotumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku kwa anthu awo ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC, ayenera kuika potulukira pongodina kamodzi m'makalata otsatsa malonda, ndipo wotuluka achotsedwe pasanathe masiku awiri. Madandaulo a sipamu asafike 0.3 peresenti. Werengerani bwino pamenepa: anthu atatu okha pa 1,000 alionse akadina kuti kalata yanu ndi sipamu, mwafika kale pamalire.

SPF, DKIM ndi DMARC zisakuopseni, ndi mizere yochepa yolembedwa mu DNS, kaundula wa pa intaneti wa domeni yanu, ndilo dzina la webusaiti yanu. SPF imatchula maseva amene mwawalola kutumiza makalata m'dzina lanu. Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amaika mizere iwiri ya SPF, wina wa hosting wina wa kampani yotumiza makalata, pomwe domeni imayenera kukhala ndi umodzi wokha. Ikakhala iwiri, yonse imalephera. Muilumikize ikhale mzere umodzi, ndipo usachititse seva yolandira kufufuza mu DNS koposa ka 10, apo ayi ulepheranso. DKIM ndi siginecha imene seva yanu imadinda pa kalata iliyonse kuti wolandira adziwe kuti sinasinthidwe m'njira. Pa kiyi yodindira siginechayi, sankhani ya mabiti 2048. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso amenewa. Yambani ndi p=none, yoti mungoona osatsekereza kanthu, muziwerenga malipoti kwa milungu ingapo kuti muone amene akutumiza m'dzina lanu, kenako mupite pa quarantine yoponya kalata yolephera ku sipamu, pomaliza reject yoikaniratu. Amene amathamangira reject tsiku loyamba amatsekereza makalata awo omwe. Amene saika n'komwe asiya dzina lawo pabwalo kuti wakuba aliyense alivale.

Musanyengeke kuti poti muli kutali lamulo silikufikani. Seva ili m'dziko lina, okulandirani makalata ali m'maiko ena, ndipo malamulo a kumeneko akhoza kukukhudzani. Ku United States kuli lamulo la CAN-SPAM la 2003, limene limaletsa mitu ya makalata yonyenga, limafuna kuti adiresi yeniyeni ya positi ya wotumiza ilembedwe, ndiponso kuti wopempha kutuluka achotsedwe pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Ku European Union kuli GDPR, imene inayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Chindapusa chake chimatha kufika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka, kutengera chimene chakula, ndipo zinsinsi za anthu zikabedwa moti zingawaike pa chiopsezo, mumapatsidwa maola 72 oti mudziwitse akuluakulu oyang'anira. Maiko enanso ambiri ali ndi malamulo awo oteteza mbiri za anthu. Fufuzani la kwanu musanayambe kutolera maina ndi manambala a foni pa webusaiti.

Pali kulakwitsa kwina kooneka kochepa koma kochititsa manyazi. Munthu akufuna kulengeza kanthu kwa makasitomala 200, maadiresi onse n'kuwathira pa To kapena pa Cc. Wadina potumiza. Tsopano aliyense wa anthu 200 aja ali ndi adiresi za anzake 199, kuphatikizapo opikisana nanu pa malonda. Wina ayankha kwa onse kuti mundichotse, winanso ayankha kwa onse kuti inenso, mpaka tsiku latha. Kumeneko n'kuulula zinsinsi za eni ake. Bcc, imene imabisa maadiresi a olandira ena, anaiikira zimenezi.

Tibwere kwa inu okonda zaulere. Pulagini (kapulogalamu kowonjezera) kapena theme (maonekedwe a tsamba) yogulitsa ya WordPress, pulogalamu yomangira webusaiti, inu mwaipeza pa tsamba lina yothyoledwa loko, mwaikoka, mwaiika, yagwira ntchito, mwadziona ochenjera. Dzifunseni: amene anataya nthawi yake kuithyola n'kukupatsani ulele, amadya chiyani? Nthawi zambiri mumakhala khomo lakuseri. Kwa milungu ingapo zonse zili zii. Kenako mu foda ya uploads, mmene muyenera kukhala zithunzi zokha, mwapezeka kafayilo ka PHP, kapulogalamu kadzina lachilendo. Kafayilo kameneka kamatumiza sipamu usiku wonse m'dzina la akaunti yanu, kapena kamamanga tsamba lofanana ndendende ndi la banki mu foda yobisika, anthu n'kumalowetsamo mapasiwedi awo. Inu mudzazindikira tsiku limene kasitomala adzakuuzani kuti akatsegula webusaiti yanu pa Chrome pakubwera tsamba lofiira lochenjeza. Tsamba la akuba lija lili pa domeni yanu, pa akaunti yolembedwa dzina lanu. Oyamba kufunsidwa ndinu.

Si zakuba zokha zimene zimatsegula khomo. Pulagini yabwinobwino koma yosiyidwa chaka osaikonzanso ndi chimodzimodzi, chifukwa vuto lake likangolengezedwa, mapulogalamu a akuba amayamba kusakasaka pa intaneti ponse mawebusaiti amene sanatseke bowolo. Sasankha wamkulu kapena wamng'ono, ndiye zoti "wanga ndi waung'ono, angaufunirenji" zisiyeni. Akufuna seva, osati nkhani zanu. Pulagini imene simukuigwiritsa ntchito ifufuteni, musangoizimitsa, pakuti mafayilo ake amakhala adakalipo. Zilolezo za mafayilo zikhale 644, za mafoda 755. Amene anakuuzani kuti ikani 777, yolola aliyense kusintha mafayilo, kuti vuto lithe anakuphunzitsani kuchotsa chitseko chifukwa kiyi ikuvuta. Fomu yolumikizirana nanu ikhale ndi chotchinga maroboti, ndipo isalole mlendo kusankha yekha kumene kalata ipite, apo ayi yasanduka makina otumizira sipamu.

Nanga mapasiwedi anu? Dzina la kampani n'kuwonjezera 123, pasiwedi yomweyo pa imelo, pa cPanel yoyendetsera hosting yanu ndi pa Facebook. Malo amodzi akabedwa, akuba amaiyesa ponseponse. Akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake, yaitali, ndipo yatsani chitsimikizo chachiwiri cha pa foni paliponse pamene chilipo. FTP, njira yakale yokwezera mafayilo pa seva kudzera pa doko 21, imatumiza pasiwedi ili pambalambanda, gwiritsani ntchito SFTP. Pa imelo, lolani madoko otetezedwa okha: 993 ya IMAP kapena 995 ya POP3 polandira makalata, 465 kapena 587 potumiza. Wantchito akachoka, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, osati "tidzaona".

Ndipo dziwani kuti wakuba wochenjera akalowa mu imelo yanu sasintha pasiwedi, sapanga phokoso. Amaika kalamulo kachinsinsi koti kalata iliyonse yotchula invoisi kapena malipiro izipitanso kwa iye. Amakhala phee, kuwerenga, kuphunzira kalembedwe kanu. Tsiku la malipiro likayandikira amalembera kasitomala wanu, mu ulusi womwe uja wa makalata anu, kuti tasintha akaunti ya ku banki, tumizani ku iyi. Kasitomala alibe chifukwa chokayikira. Choncho mukaganiza kuti imelo yalowedwa, kusintha pasiwedi kokha sikukwanira. Tsegulani pa zosefa ndi potumizira makalata kwina, muone ngati pali lamulo loti simunaike ndinu, ndipo mutulutse zipangizo zonse zimene zinalowa.

Mawu a makampani a hosting oti malo opanda malire nawonso akupusitsani ambiri. Werengani m'munsi mwake: malowo ndi a mafayilo a webusaiti, si nkhokwe ya mafilimu kapena yosungiramo zonse za m'kompyuta yanu. Pamakhalanso malire a chiwerengero cha mafayilo ndi a mphamvu za purosesa, ndipo wokumba ndalama za crypto pa seva yogawana amachedwetsa mawebusaiti a anzake onse. Nyimbo, mabuku, mapulogalamu ndi zithunzi za eni ake musaziike popanda chilolezo. Chithunzi kupezeka pa Google sindiye kuti chilibe mwini. Mwiniwake akatumiza dandaulo pansi pa lamulo la DMCA la ku United States la 1998, kampani ya hosting imachotsa msanga kuti iyo isalowe m'mlandu, ndipo wobwerezabwereza amathamangitsidwa. Za masamba obera anthu, zoopseza, ndi zithunzi zolaula za ana sitichita kutalikitsa: imeneyo ndi milandu ya kupolisi, ndipo seva imasunga IP ndi nthawi imene munthu aliyense analowa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amatsekeredwa atachenjezedwa kale, koma chenjezolo linapita ku bokosi loti salitsegula. Adiresi imene munapereka kwa a hosting ndi kwa ogulitsa domeni ikhale yamoyo, ndipo isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa domeniyo ikagwa, kalata yokuuzani kuti yagwa mudzailandirira kuti? Pa madomeni ngati .com, malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira madomeni, amafuna kuti mutsimikizire imelo yanu pasanathe masiku 15 mukalembetsa, apo ayi domeni imayimitsidwa. Tsegulaninso abuse@ ndi postmaster@ pa domeni yanu, kumeneko n'kumene odandaula amayambira kugogoda.

Kalata yochenjeza ikafika, musakalipe ndipo musakhale chete. Yankhani tsiku lomwelo kuti mwailandira. Pemphani mayina a mafayilo kapena chitsanzo cha kalata imene yadandaulidwa. Sinthani mapasiwedi onse, la cPanel, la database, a imelo ndi a oyang'anira webusaiti, muli pa kompyuta yoti mwaiyeza kuti ilibe vairasi. Musangofufuta kafayilo kamodzi kamene akuonetsani n'kunena kuti zatha, akuba amasiya makomo angapo. Bwezeretsani webusaiti kuchokera pa bakapu, kope losungidwa la webusaitiyo, yotengedwa vutolo lisanayambe, mukonze zonse zikhale zatsopano, kenako mulembere a hosting zimene mwachita chimodzi ndi chimodzi. Bakapuyo ikhale yanu, yosungidwa kunja kwa sevayo, makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ili kwina. Ndipo muziiyesa kuibwezeretsa nthawi ndi nthawi, chifukwa imene ili mu akaunti yomweyo imatsekeredwa limodzi ndi akauntiyo.