Ufulu wa mu hotela

Lero ndiyankhula basi, amene akhumudwe akhumudwe, mtima wanga sunakhale pansi chichokere Lachinayi.

Ambiri mukudziwa ndimaperekera zakudya pa hotela ina ku Sandton, kuno ku Joni. Lachinayi lapitali kunali msonkhano waukulu, azungu ochokera kunja, mabwana a mabungwe, maloya, aliyense kakhadi kakulendewera m'khosi, nkhani yake eti kulimbikitsa ulamuliro wa malamulo ndi ufulu wachibadwidwe kuno kummwera kwa Africa. Ndinawathirira khofi katatu ine, mmawa, masana, 3 koloko, ndikumva ndithu wina akugwedeza maiki kuti anthu ochokera m'maiko ena ayenera kutetezedwa, anzake kuomba m'manja. Madzulo a tsiku lomwelo mng'ono wanga akuchokera ku ganyu yake ya m'garden ku Randburg apolisi anamutola pa renki, pasipoti ili m'thumba, masiku akadalimo, kumuponya mu vani. Ku siteshoni sanamupititse ayi, anangomuzungulitsa m'tauni ngati katundu mpaka titasonkha R1500 pa gulu lathu la WhatsApp, eti ya cold drink. Cold drink wanji wa R1500? Tsiku limodzi lomwelo abale. Ufulu ndinauona masana uli pa chinsalu chachikulu, usiku ndikuugula ndi ndalama ya lendi.

Ndiye funso langa ndi limodzi, ndalama zimene maiko olemerawa amati akuthandizira malamulo ndi ufulu zimafika kuti? Chifukwa pa renki sizifika. Pa geti la kiliniki pamene amabweza alendo sizifika. Mu vani muja mng'ono wanga sanakumanemo nazo. Zimathera pa matebulo amene ine ndimapukuta, pa mabotolo a madzi osamwa n'komwe, pa ma alawansi, pa ndege ya munthu wobwera kudzatiuza zimene ife tikuzidziwa ndi matupi athu.

Ndipo musandiuze kuti malamulo kulibe. Alipo, abwino kwambiri mwina kuposa kwina kulikonse. Constitution ya dziko lino ya 1996 gawo 27 imati aliyense, osati nzika yokha, aliyense, ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha chipatala ndipo wodwala mwadzidzidzi sabwezedwa. Mu 2017 Constitutional Court ija ili pa Constitution Hill ku Braamfontein inagamula kuti mlendo akamangidwa pa nkhani ya mapepala ayenera kuonekera pamaso pa khoti pasanathe maola 48, osangomutsekera kudikira ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo. Mu November 2025 High Court ya konkuno ku Joni inauza a Operation Dudula, gulu lothamangitsa alendo, kuti alibe mphamvu yofunsa munthu pasipoti kapena ID, imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a immigration okha. Zonsezi zinalembedwa, zinasainidwa, zili m'mabuku. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ufulu wathu ife ndi wa pachala, ukangotuluka mu khoti mphepo ya pa msewu wa Bree yauuluza.

Wina anena kuti aise ndi ulova, anthu kuno opitirira 30 peresenti sali pantchito, andale akufuna mavoti. Eya tamva. Nanga ulovawo ndi umene unatsegula chitseko cha vani?

Sindikunena kuti onse ndi odya chabe. Kuli maloya a Lawyers for Human Rights ndi a SERI ku Braamfontein komweko amene amamenyera anthu ngati ife osalipiritsa, ndipo milandu ndatchulayi ndi anthu otere amene amaikokera ku khoti, amenewo ndimawavulira chipewa. Ndiye bwanji ndalama osangowapatsa amenewo zambiri? Bwanji osalemba maloya khumi oti foni ikalira 9 koloko usiku wina adzuke apite? Bwanji osasindikiza kapepala m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kouza mayi wa ku Diepsloot choti anene akamubweza pa geti mwana ali kumbuyo thupi likutentha? Ndalama ya lunch ya Lachinayi lija yokha ikanasindikiza timapepala tingati? Koma ayi, wekishopu. Chaka chamawa wekishopu ina younika wekishopu ya chaka chino kkkkk, kuseka sikuti ndasangalala.

Mu May 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra, anthu 62 anafa. Mu 2015 boma lakwathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu zitavuta ku Durban. Mu 2022 Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anamupha ku Diepsloot, anthu akuyenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala. Pakati pa zaka zonsezi pachitika misonkhano ingati? Malipoti angati a chikuto chonyezimira? Ife tikuthawabe tikaona nyali za buluu ngakhale mapepala ali bwinobwino, umenewo ndiwo ulamuliro wa malamulo umene tikuudziwa ife.

Chimene chimandiwawa china, kunali khoti la SADC ku Windhoek kumene munthu wamba ngati iwe ndi ine akanatha kukasumira boma. Litangogamula motsutsana ndi boma la Mugabe pa nkhani ya mafamu mu 2008, atsogoleri athu omwewa anagwirizana n'kuliimitsa mu 2010. Omwewo amene amakhala kutsogolo pa misonkhano ya ufulu, kujambulitsa ndi ma donor mano onse pamtunda. Kwathu majaji asanu aja atafafaniza chisankho cha Tipp-Ex pa 3 February 2020 dziko lonse linaomba m'manja mpaka mphoto ya Chatham House ku London, zabwino, ndinavina nawo ine pa Yeoville. Koma kuomba m'manja kwa kutali sikutulutsa munthu mu vani.

Nanunso akwathu musamwetulire, matenda ndi omwewa. Wekishopu ya ufulu wa mayi wa ku Nsanje ikachitikira kunyanja ku Salima chifukwa alawansi ya kogona, mayiyo sanaitanidwe. Ndipo mumafuna tikhale ndi mapepala oyenera bwanji pamene mu 2024 mapasipoti anasiya kusindikizidwa masabata angapo eti makompyuta alowedwa ndi akuba? Munthu pasipoti ikuthera m'manja ali ku Joni, kunoko akumuthamangitsa, kwawo akumuuza dikira. R1500 ija ndiyenera kubweza anthu mwezi ukatha, lendi sindikudziwa. Mxii