Chenjezo kwa ogula nyumba zatsopano: musakopeke ndi penti

Ana anga a mumzinda wa Tete, a ku Moatize ndi a kuno ku Ulongwe, ndiloleni ndikudzudzuleni, chifukwa zimene ndikuona zikundiwawa mtima. Wina wakhetsa thukuta kumgodi wa malasha zaka ndi zaka, wina wagulitsa kachewere wa ku Tsangano nyengo ndi nyengo, wina wagona ndi njala ku Joni posunga ndalama, koma zonsezo kukazipereka tsiku limodzi chifukwa cha chithunzi cha nyumba cha pa Facebook. Ena mpaka kutumiza chikole pa M-Pesa kapena e-Mola nyumbayo asanaipondemo n'komwe, ati poopa kuti wina awatsogolera. Kodi nzeru munazisiya kuti? Mawu akuti "pali winanso akuifuna, perekani lero" ndi amene aliza anthu ambiri.

Muyambire pa mapepala. Muno mu Mozambique nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT, ndipo chimene mukugula inu ndi nyumba yomangidwa pamalopo. Tsono wogulitsayo akuonetseni DUAT yake, ndipo dzina lolembedwapo lifanane ndi la pa BI, chitupa chake cha unzika. Akuonetseninso chilolezo chomangira chochokera ku Conselho Municipal kapena kuboma la distrito. Mukatero musakhutire ndi mafotokope a m'manja mwake. Nyamukani nokha mupite ku Conservatória do Registo Predial, ofesi ya boma yolembetsera nyumba, mukatenge kalata ya umboni yotchedwa certidão, muone ngati nyumbayo inalembetsedwa, m'dzina la yani, komanso ngati siinaikidwe chikole kubanki. Kalata ya mlembi wa bairro ndi yothandiza, koma payokha siikupangani kukhala mwini nyumba, ngakhale itakhala ndi zidindo zingati.

Pali chinanso chimene ambiri mumachinyozera. Lamulo lomwelo limazindikira ufulu wa anthu okhala pamalo motsata mwambo wa makolo, ndiponso wa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mwachilungamo kwa zaka 10, ngakhale alibe pepala lililonse. Nyumba zambiri zatsopano zikumangidwa m'mphepete mwa matauni, momwe dzana munali minda ya anthu. Ngati womangayo anagwirizana ndi mmodzi yekha wa pabanjapo, mawa kudzabwera amalume ndi abale ena kudzati munda wa mayi athu uwu, ndipo mlanduwo udzagwera inu. Kafunseni kwa mfumu ndi kwa anthu oyandikana nawo. Ngati wogulitsayo ali pabanja, mnzake wa m'nyumba adziwe ndipo asainirenso.

Tsopano nyumba yeniyeniyo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali anthu omanga nyumba n'cholinga chogulitsa basi, sadzagonamo ngakhale usiku umodzi, choncho thumba limodzi la simenti amalikoka mpaka litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyezo. Pamwamba pulasitala wosalala, penti wowala, matailosi onyezimira. Inu mukafika mungoti "eee, koma ndiye yokongola!" Ayi. Tengani msomali, pitani kuseri kapena kumpanda kumene sanapake pulasitala, mukande bulokolo. Likamayoyoka mchenga ngati chigumu chouma m'dzanja lanu, dziwani kuti makoma onse ndi otero. Gogodani matailosi ndi kiyi: amene akulira ngati pansi pali mphako adzasweka posachedwa. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse, chifukwa chitseko chokhula pansi m'nyumba yatsopano nthawi zina chimasonyeza kuti maziko ayamba kutitimira. Yang'anani m'makona a mawindo ngati muli ming'alu yomatidwa chatsopano. Kwerani kudenga ndi tochi muone mitengo, ngati ndi yaiwisi, yopindika kapena yoyamba kale kudyedwa ndi chiswe, muonenso ngati malata sakulowetsa kuwala m'mabowo a misomali. Ngati inu simudziwa za zomangamanga, lipirani mmisiri wanu woti akuyendereni, osati amene wabwera ndi wogulitsayo. Ndalama ya mmisiriyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yokonzera maziko.

Musaganize kuti nyumba ikakhala yatsopano ndiye kuti ndi yolimba. Anthu amene anasamutsidwa kupita ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha anapatsidwa nyumba zatsopano, koma mu Januwale 2012 anatseka njanji, ndipo limodzi mwa madandaulo awo linali ming'alu ya m'makoma a nyumba zomwezo.

Nanga madzi? Mwaiwala kale za mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho unaduka ndipo madzi analowa m'nyumba za anthu? Komabe ndikuona achinyamata akugula nyumba m'zigwa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthaka ili gwa, osafunsa n'komwe kuti mvula ikagwa madzi amadzera kuti. Yang'anani makoma a nyumba zakale zoyandikana nazo, mzere wa matope umaonekabe. Funsani amayi amene akhala pamenepo nthawi yaitali, iwo sangakubisireni. Ngati mungathe kudikira, kaioneni nyumbayo mu Januwale kapena Febuluwale mvula itagwa usiku wonse.

Za magetsi, onani kuti mita ya Credelec ndi ya nyumbayo, yoikidwa ndi kampani ya magetsi ya EDM, osati waya wokokedwa mozemba kuchokera kwa mnansi. Tsegulani mipopi yonse, thirani madzi m'chimbudzi, ndipo akuonetseni pamene anakumba dzenje la zonyansa ndi kutalika kwake kuchokera pachitsime.

Zonse zikakhala bwino, ndalama musaperekere pansi pa mtengo kapena m'galimoto. Mgwirizano ulembedwe kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo, msonkho wa Sisa wolipira pogula nyumba ulipidwe, ndalama zidutse kubanki kuti pakhale umboni, kenako mubwererenso ku Conservatória kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina lanu. Wogulitsa akayamba kukwiya kapena kuzengereza mukatchula maofesi amenewa, tengani chikwama chanu muzipita.